Funso Limene Mkamwini Anandiwerengera

Ndinakana kuti ndinali ndi pakati. Ndinakana pamaso pa mkamwini wanga, m'chipatala ku Lusaka, ndipo mpaka lero bambo a ana anga sakudziwa.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Ndinkabwera ku Lundazi kudzagulitsa usipa ndi zitenje, mapeto ake ndinakwatiwa kwa Kapichila, kumene timalima chimanga ndi mtedza. Chaka chimenecho mutu unayamba kundiwawa mbali imodzi, khutu lakumanja likungolira, maso akuchita chidima. Ku boma ananditumiza ku Chipata, a ku Chipata nawo anati pitani ku Lusaka. Kumeneko anapeza chotupa m'mutu, chaching'ono ngati njere ya mtedza. Anati sang'amba, achiwotcha ndi kuwala kwa makina, tsiku limodzi basi.

Inali nthawi yopalira, amuna anga sakanasiya munda. Mwana wanga woyamba, amene anakwatiwa ku Lusaka komweko, anali wotopa, masiku ake atayandikira. Ndiye wondiperekeza anali mwamuna wake. Kwathu mkamwini sudya naye, sumuyang'ana m'maso, mukakumana panjira wina amapatuka. M'minibasi iye ankakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni.

Tsiku la makina nesi anabweretsa pepala la mafunso. Maso anga sankaona zilembo, choncho mkamwini anaimirira chapambali, nkhope ataloza kukhoma, n'kumandiwerengera. Atafika pena anatsokomola.

"Amama, pepani. Apa bafunsa ngati muli na mimba."

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo miyezi iwiri inali itandidumpha. Mayi wa ana asanu sasokonezeka pa zimenezi, ndinkadziwa. Koma mimba ya miyezi iwiri sinenedwa, ngakhale kwa mnzako wa pamtondo. Nanga kwa mkamwini, mkazi wake ali pafupi kuchira? Ndinenenso zoona, ndinaopa kuti akamva andibweza kumudzi ndi chotupa changa.

"Ayi," ndinatero.

Mkamwini analemba. Nesi anayang'ana imvi za pachipumi panga n'kuseka, amvekere, "Aba ni ambuya kudala," kutanthauza kuti ndinakalamba kale.

Anandigoneka pa tebulo lolimba, n'kundiveka chigoba cha pulasitiki chokhala ngati ukonde, n'kuchimangirira kuti mutu usasunthe. Kenaka onse anatuluka. Chitseko chake chinali chokhuthala kuposa khoma la nyumba yathu, ndinachimva chikutsekeka pang'onopang'ono. Mawu anatuluka penapake pamwamba: "Osagwedezeka, amai. Ngati pali vuto, kwezani kwanja."

Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Anthu athanzi, ophunzira, athawira kuseri kwa khoma. Nanga uyu ali m'kati mwangayu athawira kuti? Makina anayamba kulira n'kumazungulira mutu wanga. Panalibe kutentha, panalibe ululu, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa. Ndinaika manja onse awiri pamimba, ngati kuti zikhatho za mlimi zingatchinge chinthu chodutsa fupa la mutu. Dzanja linali langa, kulikweza sikunali kovuta. Sindinalikweze.

Nditabwerera kumudzi mutu unayamba kupepuka, mimba n'kumakula. Azimayi a kutchalitchi anandiseka mpaka kukhuta, ati mayi ndi mwana wake akupikisana. Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani. Amuna anga ankayenda chifuwa chili patsogolo ngati mnyamata. Ine ndinkapita ndekha kumunda wa mtedza, n'kukhala pamzere kudikira kuti mwana agunde. Akachedwa kugunda, khasu linkandilemera. Sindinakhalepo ndekha chotero, chonsecho pakhomo pali anthu tho.

Tsiku lokaonedwanso ndinakana wondiperekeza. Dokotala anali mzimayi. Anayang'ana mimba, anayang'ana pepala lija, n'kutseka chitseko. Sanandikalipire, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anati kuwalako amakulunjika pa chotupa, koma kochepa kamamwazikira thupi lonse, mpaka kumimba. Anati n'kochepa kwambiri, poti mimba ili kutali ndi mutu, ndipo ankayembekeza kuti mwana abadwa bwino. Ndikananena, akanadikira kapena akanatchinga.

"Ndiye palibe chimene chidzachitike?" ndinafunsa.

"Siningalumbile, amai. Muzimupeleka ku sikelo osalumpha."

Mawu amenewo ndinakwera nawo basi tsiku lonse, kuchoka ku Lusaka mpaka ku Lundazi, popanda womuuza.

Anabadwa wamkazi, zala zonse zilipo, kulira kwake kogonthetsa m'khutu. Pano ali ndi zaka zitatu, ndi wamakani ngati ine. Koma akangogwira mutu, ngakhale chifukwa cha dzuwa, ndimamubereka n'kupalasa njinga mpaka ku boma. Bambo ake amati ndikumulera ngati dzira, mwana wa kuukalamba wandizunguza mutu. Ndimawasiya anene.

Chaka chatha titakolola, mkamwini anabwera ndi banja lake. Anamuikira mpando pansi pa mtengo wa mango, ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndikusenda mtedza, monga mwa ulemu wake. Ndinamumva akufunsa mkazi wake mwezi umene kamlamu kake kanabadwa. Atauzidwa, ndinasuzumira. Zala zake zinkayenda pabondo, akuwerenga chobwerera m'mbuyo. Kenaka zinaima.

Mwana wanga wamng'ono uja anathamangira kwa iye. Anamunyamula, n'kumusisita mutu wonse pang'onopang'ono, kutsogolo, kumbuyo, kuseri kwa makutu. Mkazi wake atalowa m'nyumba, analankhula osatembenuka, nkhope ili kumtengo.

"Ndine nenze nalemba pa pepala paja, amama."

Pa banja lonse munthu mmodzi yekha ndiye akudziwa, ndipo wasenza mlandu umene si wake. Ndinafuna kumuuza kuti iye anangolemba zimene anamva, wabodza ndinali ine. Ndinafuna kukoka mphasa yanga, ndikhale pafupi naye, tilire limodzi. Koma ndi mkamwini.

"Ana inu," ndinaitana, "apatseni madzi alamu anu, ayenda ulendo wautali."