Chubu Chimene Ndinapinda ndi Manja Anga

Ndikukumbukira kuti amene anabwera ndi nkhaniyo anali a Nyagondwe, oyandikana nafe ku Chiputula, mu Mzuzu. Anandipeza ndikutsuka mbale, akupuma wefuwefu. “Tiyanjane, kaitane amama ako! Chawanangwa wagwa ndi kanjinga kaja pamtsetse, wapweteka chomene.” Mbale inandipulumuka, chifukwa ndinadziwa chimene chinawagwetsa achimwene anga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Inali nthawi ija ya matipate, lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku litangochotsedwa. Amalume anabweretsera achimwene ka BMX kuchokera ku Joni, kofiira, ka matayala aang’ono onenepa. Ine amandikaniza. Tsiku lina achimwene ali kusukulu kukonzekera mayeso a sitandade 8, ndinavala buluku lawo n’kukakwera. Ndinagunda chitsa, chubu chakutsogolo chinang’ambika pa valavu.

Ndinakakankha mpaka ku Katawa kwa Che Saidi, bambo wa ku Mangochi amene ankakonza njinga pansi pa mtengo. Sabata yomweyo anali atakakonza mabuleki. Ndinatenganso chubu chakale cha njinga yaikulu ya abambo.

Che Saidi anaseka, n’kupukuta tayala ndi chala chakuda ndi girisi. “Werenga apa, mwana wanga. Ati chiyani?”

“Twente.”

“Nanga chako wanyamulachi? Twente eyiti. Ungavale nsapato ya abambo ako n’kuthamanga nayo? Ukachipinda kuti chilowe, chimadyeka popindapo, tsiku lina phuu! Dikira Loweruka, za saizi yake zibwera. Ndipo ukawauze achimwene ako.”

Kuwauza ndiye ndinkaopa. Ndinabwerera kunyumba, ndinakanula tayala ndi masipuni awiri a amama, ndinapinda chubu chachikulucho n’kuchikanikizira mkati. Nditapopa, tayala linalimba bwinobwino. Mumtima ndinati mkulu uja amangofuna kundiopseza.

Chinaphulika patapita masiku awiri. Achimwene anathyoka mkono wamanja, anawaika chikhakha, ndipo mayeso anawadutsa. Anabwereza kalasi.

Abambo atatsegula tayalalo anapeza chubu chopinda chija. Sanafunse aliyense. Ananditenga kuti ndikankhe kanjingako, ulendo wa ku Katawa. Anthu anasonkhana, ena atavala nsalu za zipani zawo, poti masiku amenewo mkangano uliwonse unkakoka anthu.

Abambo anakalipa, “Che Saidi, ntchito yanu ndi imeneyi? Mwaba chubu chabwino n’kuikamo chinyalala ichi? Mwana wanga akanafa!”

Che Saidi anatenga chubucho, anachitembenuza, anachizindikira ndi chigamba chake chakale kuti ndi chija ndinabwera nacho. Kenaka anandiyang’ana ine. Ine ndinangoyang’ana fumbi. Mkuluyo ankadziwa dzanja la abambo anga likakwiya. Chiputula yense ankalidziwa. Anangoti, “Pepani bambo. Mulungu amuchize mwanayo.”

Nkhani inafala kuti amasinthanitsa zipangizo za anthu. Njinga zinachepa pansi pa mtengo paja. Mvula isanagwe tinamva kuti wabwerera kwawo ndi mkazi ndi ana ake atatu. Pamalopo panatsala dothi lakuda ndi oyilo.

Achimwene ndinawaululira ndili kale pabanja. Iwo anati, “Mkono unapola, mlongo wanga. Koma munthu uja?” Abambo anatisiya osadziwa.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo ndimayamika Mulungu amene wandisunga ngakhale sukulu sindinapite nayo patali. Mwana wanga akabwera ndi njinga yowonongeka, ndimamuwerengetsa nambala ya patayala, ndipo ndimamufunsa modekha chimene chachitika, kuti mantha asamuphunzitse kubisa. Ndinazindikira mochedwa kuti chimene sichikukwana sukakamiza, ndipo bodza lopindidwa mkati limaphulikira munthu amene sanaliike.

Sindidziwa ngati Che Saidi ali moyo. Ankapemphera kumzikiti, ine kutchalitchi, koma anandisenzera mlandu umene unali wanga. Inu amene mwawerenga, mukamagwada muzikumbukira banja lawo, makamaka ana atatu aja amene anachoka mu Mzuzu chifukwa cha kukhala chete kwanga. Yewo.