Ndinagwa nditasenza bokosi la mnzanga

Ena muziyesa nkhambakamwa, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amene anaona akadali moyo. Ndinali mlangizi wa zaulimi cha ku Fort Lister, munthu wobwera, ndipo chilandirireni njinga yamoto ya kuntchito ndinasiyiratu kuyenda pansi, ngakhale kokagula mchere ndinkaliza injini. Mimba inatuluka, anthu n'kumati boma likundisamala, ine n'kumasekerera.

Ndiye anamwalira mnzanga wina wa golosale, amene ndinkakonda kukhala naye pakhonde tikumwa zoziziritsa kukhosi. Manda akumeneko ali pachitunda, ndipo anthu akulandizana bokosi nanenso ndinaikapo phewa, nanga mnzako ungamusiye? Sitinapite patali. Ndinamva ngati wina wandimanga lamba pachifuwa n'kumakoka, dzanja lamanzere linachita dzanzi, m'maso munada, ndipo ndinagwa, bokosi n'kupendekeka.

Nyimbo inaduka. Ndili gone m'fumbi ndinkamva manong'onong'o, ena m'Chilomwe chimene sindimva, ena m'Chichewa, akuti malemu akana kupitirira, agwira amene anawadya. Mukudziwa zimene zimamuonekera wobwera akatchulidwa zotere pamaliro? Ndinkafuna kudzikanira koma mpweya ndinalibe, ndinkangoona miyendo ikundizungulira, wondigwira palibe.

Anandipulumutsa ndi mayi wamasiye, mkazi wa malemuyo. Anadzipulumula m'manja mwa azimayi amene ankawagwiriza, n'kukalipa kuti anthu asiye zopusazo, amuna awo anagwiranso pachifuwa chimodzimodzi asanagwe m'golosale, ndipo ngati akufuna maliro achiwiri apitirize kuonerera. Apo m'pamene anandinyamula kuthamangira nane kuchipatala.

Kumeneko adokotala anati magazi akuthamanga kwambiri, shuga nayenso wayamba, mtima wafooka ndi kungokhala osayenda. Anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti ndiziyenda ndawala tsiku lililonse, koma ndiyambe pang'onopang'ono.

Papita zaka, ndikuyendabe. Sindinama, zimatopetsa, m'mawa mwina mawondo amakana, ndipo alipo ena mpaka lero amandilambalala pamsika, ndinatopa nako kuwafotokozera. Koma shuga anatsika, tulo ndimagona, ndipo zitunda ndimakwera osaima.

Ine ndimakhulupirira kuti akufa sagwira munthu, thupi ndi limene limatopa kudikira mwini wake. Inu amene mwayamba kupuma wefuwefu pongomanga zingwe za nsapato, kayezetseni, ndipo yambani kuyenda miyendo ikadali kukumverani. Si paliponse pamene pamapezeka wokulankhulirani inu mutagona pansi.