Tonse Tinawapatsa Abusa Nambala Wani

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene watisunga sabata inanso, natipatsa mvula yoti tiyi aphukire. Ndikumuyamikanso mwapadera chifukwa mpingo wathu udakali ndi m'busa. Lachiwiri lapitali tinatsala pang'ono kuwataya, ndipo tikanawataya chifukwa chowakonda.

Abusa athu, a Gondwe, anabwera kuno zaka zinayi zapitazo kuchokera kumpoto. Chaka chatha anayamba sukulu. Digiri ali nayo kale. Iyi ndi yapamwamba pake, ija amati masitazi, ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka ntchito, yokonzedwera atsogoleri a mipingo ndi zipembedzo. Amakwera minibasi pa Thyolo Boma kupita ku Blantyre, kukakhala masabata awiri, nkubwerako ndi chikwama chodzaza mapepala. Akuti m'kalasi mwawo muli abusa, ansembe, masisitere, ngakhale mashehe, onse akulimbana ndi homuweki imodzi. Ine ndikamva zimenezo mtima wanga umakondwa.

Chiyambire sukuluyi zinthu zasintha. Msonkhano wa akulu ampingo, umene kale unkayamba dzuwa lili paliwombo nkutha nkhuku zikulowa, tsopano uli ndi ajenda ndipo umatha ife tisanamve njala. Makiyi a tchalitchi, amene kale ankapita m'thumba la abusa kumaliro akutali ife tili panja kudikira, tsopano ali ndi anthu atatu. Abusa amati kumeneko ndiye kugawana ntchito. Tinawauza kuti nzeru imeneyo tinaiwerenga kale m'Malemba, pamene mtsogoleri uja wa m'chipululu anadzudzulidwa ndi apongozi ake chifukwa choweruza yekha milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Iwo anaseka nkunena kuti nzoona, koma apongozi aja sapereka satifiketi.

Ulendo wapitawu aphunzitsi awo anawapatsa ntchito: aliyense akafunse anthu amene amawatsogolera kuti amamuona bwanji. Osati pamaso, koma papepala lopanda dzina, kuti munthu amasuke. Abusa analemba pepalalo m'Chichewa chomveka. Abusa amalalikira momveka. Abusa amasunga nthawi. Abusa amamvetsera anthu. Abusa amayendera odwala. Kutsogolo kwa mfundo iliyonse kunali manambala, kuyambira wani mpaka faifi, kuti munthu achonge imodzi.

Ine ndine mlembi wa mpingo, ndipo pa esiteti ya tiyi ndine kalaliki wa pasikelo. Choncho ntchito yochulukitsa pepalalo inagwera ine. Ndinakwera kabaza mpaka pa Luchenza kukachita fotokope. Pepala la abusa linali lalitali pang'ono kuposa galasi la makina, ndipo mzere wapansi penipeni sunatuluke. Sindinaone. Mzere umenewo ndi umene umafotokoza tanthauzo la manambala.

Lamulungu mapemphero atatha, abusa anatuluka kuti anthu amasuke, ine nkugawa mapepala. Kuchonga sikunavute, poti tonse tinaphunzira nthawi ya mavoti. Koma mayi Muhiwa, wapampando wa amayi, amene athyola tiyi kuyambira ali mtsikana, anakweza dzanja.

"A mlembi, nambala yabwino ndi iti pamenepa?"

"Mayi, mwana wanu akakhoza mayeso amakhala nambala chani?"

"Wani."

"Nanga tiyi wabwino kufakitale ndi giredi chani?"

"Wani."

"Ndiye mukufunsiranji?"

Tchalitchi chonse chinavomereza kuti mlembi wayankha mwanzeru. Zolembera zinayenda m'mabenchi, odziwa kuwerenga akuthandiza osadziwa. Ndinasonkhanitsa mapepala nkukawapereka kunyumba ya abusa ndikuyenda mwamatama, ngati munthu wanyamula mphatso.

Lamulungu lotsatira abusa analalikira za mneneri uja amene anathawira m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo nkumauza Mulungu kuti zakwana. Mawu awo anali otsika, maso ali pansi. Ife tinati mwina ndi malungo. Mayi Muhiwa anatumiza mkoko wa nthochi.

Lachiwiri nditaweruka kuntchito anandiitana. Patebulo panali mulu wa mapepala aja, pambali pake envulopu yomata kale, sitampu ili pomwepo. Mayi busa anangondipatsa moni nkulowa m'khitchini.

"A mlembi, khalani pansi," anatero abusa. "Ndafuna mumve kwa ine musanamve kwa ena. Ndalemba kalata kulikulu kuti andisamutse. Mawa ndikaiponya kupositi."

"Talakwanji, abusa?"

"Simunalakwe. Ndinafunsa, mwandiyankha. Chikundipweteka nchakuti zaka zinayi zonsezi mwakhala mukundisekerera pakhomo la tchalitchi, kundipatsa nthochi, kundipatsa nkhuku, pamene mumtima muli izi."

Anayamba kutembenuza mapepala limodzilimodzi. Wani, wani, wani, wani. Ine ndinali kugwedeza mutu mokhutira.

"Ndiye vuto lili pati, abusa? Langanso lili momwemo. Ndinachonga wani kuyambira pamwamba mpaka pansi."

Anandiyang'ana ngati ndine uja anasunsa m'mbale imodzi ndi Ambuye kenako nkuwapereka.

"Ndi inu omwe, a mlembi?"

"Ine makamaka. Nanga ndikanakupatsani faifi, ngati mwana wotsalira m'kalasi?"

Kenako anatsegula chikwama, natulutsa pepala loyamba lija, nandilozera mzere wapansi: wani ndiye kuti zoipa kwambiri, faifi ndiye kuti zabwino kwambiri. Ine ndinatenga limodzi la pamulu nkuwalozera pansi pake. Panali poyera.

Woyamba kuseka anali mayi busa, ali m'khitchini momwemo. Anatulukira akupukuta misozi ndi chitenje.

"Ndinakuuzani ine, bambo, kuti pitani mukawafunse anthuwo. Inu mumvekere ayi, buku likuti ukafunsa umasokoneza kafukufuku. Sabata yonse osadya, chifukwa cha buku."

Abusa anaseka mpaka anavula magalasi. Koma mwadzidzidzi kuseka kuja kunatha. Anatsegula Baibulo lawo, natulutsa pepala limodzi lopindidwa bwino, naliyala patebulo. Linali la mafaifi okhaokha.

"Sabata yonseyi," anatero motsitsa, "ndimati ndikafooka ndimatulutsa ili nkumati, Ambuye, mwandisiyirako mmodzi."

Tonse atatu tinaliyang'ana pepalalo. Mpingo wonse unawatamanda, iwo nkulira. Munthu mmodzi yekha anawadzudzula, iwo nkumagona ndi pepala lake m'Baibulo.

Pamapemphero a Lachitatu abusa anafotokozera mpingo zonse. Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola, ndipo mayi Muhiwa anandiloza ndi chala nkuti kuyambira lero mafunso awo azikafunsa kwina. Kuseka kutachepa, abusa anati pali mmodzi amene mtima wake suli bwino pa iwo. Dzina sakulifuna, koma khomo la nyumba yawo nlotsegula.

Kumbuyo kunaimirira a Namakhwa, mkulu wampingo wokalamba wa ku Nchilamwela, amene anagwira ukapitawo pa esiteti mpaka kupuma. Njerwa za tchalitchi chathu anaumba nawo ndi manja awo.

"Abusa, musavutike nkufufuza. Mafaifiwo ndi anga. Pakanakhala teni ndikanachonga teni."

Kenako a Namakhwa anafotokoza chifukwa chake.

"Mayi akunyumba agona miyezi itatu tsopano, mwendo sukuyenda. Munatumiza komiti yoona odwala. Anabwera, anaimba bwino, anasiya ndi shuga. Tikuthokoza. Koma tsiku lililonse mayi amandifunsa kuti abusa abwera liti. Ndimati ali kusukulu. Amati akuphunzira chani? Ndimati utsogoleri. Amati nanga akutsogolera ndani kumeneko, poti ife tili kuno?"

Abusa anaweramitsa mutu. A Namakhwa anapitiriza.

"Ine kugawa ntchito ndikukudziwa. Kapitawo amagawa mizere m'munda wa tiyi, inde. Koma akagawa sakhala pansi pamtengo. Amalowa m'mizeremo kukaona amene watsalira m'mbuyo."

"Mwanena zoona, bambo," anatero abusa. "Ndinalakwa. Mundikhululukire, ndipo mayi ndikawapepesa ndekha." Kenako anafunsa: "Koma ndi pa ulaliki pomwe, a Namakhwa? Pamenepanso faifi?"

"Pamenepo ayi, mumalalikira bwino ndithu. Kungoti dzanja linali litazolowera kale."

Tsopano ndilankhule nanu, owerenga anga, poti nkhaniyi si ya mpingo wathu wokha.

Alipo kale ena amene ayamba kunena kuti mwaona, masukulu amenewa akutiwonongera abusa. Amati m'busa amafunika Mzimu basi, zinazo nzadziko. Ine sindili nawo. M'busa wa lero ali ndi sukulu ya mkaka, ali ndi ana amasiye, ali ndi maliro otsatizana, ali ndi makomiti amene wapampando wake salankhulana ndi wachiwiri wake. Kodi munthu wotere tingamukanize kuphunzira kayendetsedwe ka zinthu? Mtumwi uja amene analemba makalata ambiri anayamba wakhala pamapazi pa mphunzitsi wamkulu, ndipo Mzimu sunamuthawe chifukwa cha zimenezo. Ndani wa ife akufuna kubwerera kumisonkhano yotha nkhuku zikulowa? Abusa aphunzire ndithu. Chimene ndingawapemphe, iwo ndi anzawo onse a m'kalasimo, nchakuti chilichonse chimene abwera nacho m'chikwama aziyamba afunsa kuti, kodi anthu akuno amawerenga kuchokera mbali iti? Ndiponso pali ntchito zina zosagawika. Makiyi ungapatse wina. Nkhope yako pakhomo la wodwala sungaitumize ndi komiti.

Koma mlandu waukulu uli ndi ife a m'mabenchi.

Kodi nzoona kuti abusa athu ndi nambala wani pa chilichonse? Pa kusunga nthawi pomwe? Ine amene ndikulemba pano, ndi kangati ndadandaula panjira yobwerera kunyumba kuti ulaliki watalika mpaka mimba kulira? Mayi Muhiwa ndi kangati anena kuti maganizo a amayi amamvedwa pomalizira, anthu atayamba kale kuimirira? Koma atatipatsa pepala, lopanda ndi dzina lomwe, tonse tinachonga kuti zonse zili bwino. Chikondi chinalipo, sindikukana. Koma munalinso ulesi, ndi mantha aja amene tinayamwira, oti wamkulu sauzidwa.

Timati masiku ano kuli ufulu wolankhula. Timalankhuladi: m'minibasi, pachigayo, pamzere wa sikelo. Za manejala timauza mnzathu wothyola naye tiyi. Za ahedi timauza wogulitsa tomato. Za abusa timauza aliyense kupatula abusawo. Mwini nkhani akatulukira timavula chipewa nkuti zonse zili bwino, bwana. Ndiye munthu aphunzire utsogoleri zaka ziwiri, awerenge mabuku onenepa, nkubwera kudzatsogolera anthu amene samuuza zoona, adzakonza chiyani?

Ngakhale a Namakhwa, ndi ulemu wonse, anasunga chilonda miyezi itatu. Lamulungu lililonse ankagwirana chanza ndi abusa pakhomo. Akanangonena sabata yoyamba kuti abusa, mayi akukufunani, bwenzi mayi aja atadikira masiku atatu okha. Ambuye anatiuza kuti mbale wako akakulakwira upite kwa iye, muli awiri. Sanatiuze kuti tidikire fotokope.

Lachinayi m'mamawa abusa anabwereka njinga yanga. Anali ndi mutu wina wa homuweki woti amalize, koma anausiya patebulo. Ndinawaona akutsetsereka pakati pa minda ya tiyi, buluku atalipisa m'masokosi, kulowera ku Nchilamwela. Ine sindinapite nawo. Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa a Namakhwa titakumana pamsika Loweruka. Akuti mayi atamva mawu a abusa panja anati awadzutse, awavalitse mpango woyera. Anawakalipira kaye abusawo m'Chilomwe, iwo osamva ngakhale liwu limodzi koma akuvomera chilichonse. Kenako anawagwira dzanja, osalitaya mpaka dzuwa kupendeka. Anadya Mgonero. Nyimbo anayambitsa ndi mayiwo.

Kalata ija sinafike kupositi. Mayi busa anayatsira mbaula. Mapepala tichonganso mwezi wamawa, ndipo abusa atichenjeza kuti aliyense wowapezanso opanda banga paliponse adzamuitana kuti akafotokoze.

Nanga inu, pali mawu amene mwasungira m'busa wanu, shehe wanu kapena mkulu wanu, amene mwauza mudzi wonse koma iye yekha sakuwadziwa?

Ambuye adalitse onse amene akukalamba ndi mabuku kuti atitumikire bwino. Awapatse mutu wogwira ndi miyendo yosatopa. Adalitse odwala amene makutu awo ali kukhomo, ndipo asawachedwetsere amene akumuyembekezera. Ndipo inu owerenga anga, akupatseni pakamwa ponena zoona mwachikondi, ndi mtima wozilandira zikabwera kwa inu. Mtendere wake ukhale m'nyumba zanu. Ameni.