Mfuti Yotoledwa M'phanga

Kinoe anali ndi matenda amodzi osamva mankhwala: akaona chinthu chotseka, ankafuna aone m'kati mwake. Wotchi ya apongozi ake anaimasula asanathe ndi mwezi womwe pabanja. Anaibwezeretsa ikuyenda bwino kuposa kale, koma dzina loti "wa zala zoyabwa" linamumatirira mpaka imvi.

Mwamuna wake, Juzo, anali wosula m'mudzi wa alenje a zimbalangondo, m'mapiri a Akita. Ankasula mipeni ndi zikwanje, n'kumakonzanso mfuti. Maso ake atachita ng'ala nyundo sinamuvute, poti chitsulo chikapsa ankachimva kumaso. Koma tizitsulo ta m'kati mwa mfuti tinayamba kumusowa, ndipo ntchito imeneyo inagwera Kinoe.

Apa m'pamene panagona nkhani. Mwini phiri ndi mulungu wamkazi, wosaoneka bwino, wansanje yosaneneka, ndipo mfuti imene mkazi waikhudza imakana pamaso pa chimbalangondo. Koma wosula wina anali kuseri kwa mapiri awiri, choncho alenje anapeza nzeru yawo. Ankapereka mfuti m'manja mwa Juzo, n'kutuluka maso ali kudenga. Ikatha kukonzedwa, Juzo ankaifukiza ndi masamba a mkungudza wa kuphiri n'kulandira matamando onse. Mulungu wawoyo ankamuopa ndithu, kungoti ankamuyesa wosaona kuseri kwa chitseko.

Kinoe yekha ndiye sankaseka nazo. Ali kamtsikana, m'mawa wina wa chipale chofewa, anapeza mfuti ya bambo ake, a Tokumatsu, itatsamira pakhoma. Anakoka mpiringidzo wake, kachitsulo kotsekera chipolopolo kaja, kuti aone pamene chipolopolocho chimagona. Amayi ake anamuona, azakhali akenso anamuona. Bambowo anangonyamula mfutiyo n'kukwera phiri okha kukayendera misampha, ndipo sanabwererenso. Anthu anafunafuna mpaka chipale chinasungunuka, osapeza ngakhale nsapato. Mudzi unagamula mlandu mosavuta: mfuti inakana, chimbalangondo chinamaliza. Palibe anamumenya mwanayo. Kungoti akamadutsa, macheza ankazizira. Ndiye ngakhale atakalamba, alenje akakwera phiri ndi mfuti zodutsa m'manja mwake, mpunga sunkatsika kukhosi mpaka onse atabwerako.

Tsiku lina m'nyengo ya bowa kunabwera Denkichi, mlenje wadazi, atapanira chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli.

"Odi kuno kwa akhungu!"

"Lowani, akulu," anatero Juzo. "Dazi lanulo ngakhale ine ndaliona muli kumlatho."

Denkichi anayala chigudulicho pansi. Chinatulukamo chinali ngati muzu wa mtengo wofukulidwa m'matope: dzimbiri lokhalokha, thabwa lake mbewa zitadya theka. Anati mvula inamuthamangitsira m'phanga la pamwamba pa mathithi, kumene anthu safikako, ndipo anachipeza kuseri kwa miyala.

"Apolisi ndikawapatsa, lamulo ndikulidziwa," anatero Denkichi. "Koma ndiyambe ndadziwa mwini wake. Munthu sangagone kuphiri zaka zonsezi popanda womuyatsira lubani. Mundionere, a Juzo." Anatero akuyang'ana kudenga, ngakhale mfuti imeneyi inali itasiya kalekale kuopseza nyama.

Denkichi atatuluka, awiriwo anakhala pansi ndi chinthu chawo. Paja ichi n'chiyani nkulinga muli awiri: Juzo anali ndi zala ndi chikumbumtima, Kinoe anali ndi maso. Juzo anaikweza mfutiyo m'manja, naigogoda ndi chikhadabo.

"Iyi si yopekedwa ndi amisiri a m'tauni. Imvani kulemeraku. Ndi ya mtundu wa Murata yeniyeni, ya asilikali, zija boma linagulitsa kwa alenje zitatha ntchito. Tayang'anani pamwamba pa mpiringidzopa, mayi. Pali chidindo cha duwa la Mfumu?"

"Pali dzimbiri, bambo. Mukufuna ndione duwa m'chulu?"

Anaiviika m'palafini, m'chomwera cha hatchi chakale, n'kuisiya masiku angapo. Kinoe ankangopitako ngati nkhuku yoikira. Kenako anayamba kupala, osati ndi tupa, koma ndi kachidutswa ka mkuwa, chifukwa mkuwa umadya dzimbiri n'kusiya chitsulo. Pang'onopang'ono zinthu zinayamba kutuluka. Pamalo a duwa panali kadzenje kosalala, pomwe analifufuta mfutiyo isanachoke m'manja mwa asilikali. Pambali panatuluka zilembo za nyumba yosulira zida ndi chaka cha m'nthawi ya Mfumu Meiji. Atasuzumira kukamwa kwa mpope anaona kuti mizere ya m'kati anaikumba kuti izilandira zipolopolo za alenje. Kinoe anakondwa ngati mwana. Ankamuwerengera mwamuna wake chilembo chilichonse mokweza, msuzi n'kumapserera pamoto.

"Zonsezo zikutiuza kwawo kwa mfuti," anatero Juzo. "Sizikutiuza kwawo kwa munthu. Za asilikali m'mudzi muno zinalimo zingapo. Ya kwa a Yoshigoro ilipobe, ya kwa a Kanji inapsa ndi nyumba. Tapalani kunsongako."

Kinoe anapala pa kachizindikiro kochalira. Dzimbiri linagwa mosavuta, ndipo pansi pake panatuluka chinthu chachikasu.

"Bambo, kochalira aka si kachitsulo. Ndi kamkuwa, kobulungira, kali ndi kabowo pakati."

Juzo anakasisita ndi chala chachikulu kwa nthawi yaitali. Kuseka konse kunamuthera.

"Kamwa ya kaliwo," anatero. "Munthu wina anathyola kochalira pa thanthwe, ndiye anadula kamwa ya kaliwo wake kuti bambo anga amuwotchererepo. Ine ndinali pa mvukuto tsiku limenelo. Anasuta kaliwo wopanda kamwa chaka chonse, milomo ili bii."

"Anali ndani?"

Kinoe anafunsa dala. Milomo yakuda ija ankaikumbukira: inali ya bambo ake.

"Mayi, yadziwika basi. Tiitane a Denkichi, tiyatse lubani, ipite kupolisi. Musaitsegule."

"Chikhale chotseka pamaso panga, ine ndili moyo?" Kinoe anayesa kuseka. "Bambo, m'katimu muli chipolopolo. Chikakhala chigoba chokha, ndiye kuti mfuti inalira, bambo anga analephera okha ngati mlenje wina aliyense. Chikakhala chathunthu, chomenyedwa kumbuyo koma osaphulika, ndiye kuti anthu ananena zoona."

"Nanga chikakhala chathunthu, mudzagona?"

"Ngati kuti panopa ndimagona."

Mpiringidzo unali utagwirana ndi mfuti ngati zinabadwira limodzi. Kinoe anautenthetsa pang'ono ndi madzi owira, poopa moto chifukwa cha wonga umene ukanakhalamo, n'kudonthezera mafuta, n'kugogoda ndi nyundo ya mtengo, n'kusiya. Mawa lake chimodzimodzi. Anali ndi mantha, inde, koma tinene zoona: chidwi chinali patsogolo, mantha akutsatira m'mbuyo. Denkichi atamva kuti mwini wake wadziwika anabwera ndi mowa wa mpunga ndi mtolo wa lubani, ndipo anafika masana amene mpiringidzowo unati khee, n'kusuntha. Ulendo uno kudenga sanayang'aneko.

Kinoe anaukoka. Chipolopolo munalibe, chathunthu kapena chigoba chomwe. Pamalo pake panali kansanza kopindidwa bwinobwino, kotsindiridwa zolimba. Anakatulutsa ndi kawaya. Kanali kouma ngati phula ndi zinthu zachikasu, ndipo m'kati monse munali mopakidwa zinthu zomwezo. Atapukuta, chitsulo cha m'katimo chinang'anima ngati chasulidwa dzulo. Anatokosa mumpope ndi kamtengo, n'kutulutsa kansanza kena.

Juzo ananunkhiza. "Mafuta a chimbalangondo."

Panalibe chofunika kufotokoza. Umu ndi mmene mlenje aliyense wa m'mudzimo amasungira mfuti nyengo yosaka ikatha: kuchotsa chipolopolo, kupaka mafuta kachitsulo kalikonse, kutseka uku ndi uku, n'kuiika pouma. Ndi ntchito yofuna munthu wokhala pansi, wayatsa moto wosungunulira mafuta, mtima uli m'malo.

"Munthu amene chimbalangondo chamuimirira sapinda nsanza chonchi," anatero Juzo motsitsa.

Denkichi anakanda dazi lake. "Kuseri kwa phanga lija kuli kanjira kotsikira tsidya linalo, kunjanji. Zaka zimenezo amuna ambiri ankathawira kumpoto, ku masitima apanyanja ophera nsomba. Ine sindikunena kanthu, mayi. Ndikungonena za kanjira."

Kinoe anayang'ana manja ake, akuda ndi dzimbiri mpaka m'zigongono. Anamva kupepuka kumene sanakumvepo chikhalire, mpaka chizungulire. Kenako mkwiyo unabwera n'kukhala pomwepo pamene panachoka katunduyo. Ndipo poti anali Kinoe, mafunso anayamba kale kuyabwa: anakwera sitima iti? Anakalambira kuti? Anali atakonzeratu, kapena anangoona kuti mwana wawapatsa chifukwa chabwino chosowera?

"Ndiye lubaniyu tiyatse, kapena tisiye?" anafunsa Denkichi mwamanyazi.

"Ndipatseni kuno." Kinoe analanda mtolowo, n'kuvala nkhwawilo zake zamatabwa osasamba m'manja.

"Mukupita kuti, mayi?" anatero Juzo.

"Kumanda, kwa amayi. Anamwalira osandiyang'anapo m'maso. Ndikawauze kuti mwamuna wawo nthawi yopaka mfuti mafuta anali nayo, koma yotitsanzika ife analibe."