Pepala lomwe apongozi anatsuka

Munthu amene sanayanikepo usipa m'dzinja asandiuze za mavuto. Ku Sangilo mvula siodira. Umayala usipa pathandala dzuwa likuswa mtengo, ukangolowa m'nyumba kukamwa madzi, mtambo watsika kale kuchokera kumapiri. Ukavundikira ndi mapepala akuda akumsika aja, pamwamba madzi amakhazikika, pansi pamachita thukuta, ndipo pofika mawa usipa wayamba kuitana ntchentche.

Chaka china ndinatopa nazo. Mayi mnzanga wa geni anandiuza kuti ku Songwe, kumalire, kuli Mtanzania wogulitsa pepala lapulasitiki lokana madzi, ndiye ndinakwera minibasi. Pepalalo linali lofewa, loonekera kuseri, lokwana matandala anga onse atatu. Wogulitsayo anathirapo madzi a m'botolo, madziwo n'kusanduka timikanda, kugubuduka monga amachitira patsamba la koko, osasiya ngakhale dontho. M'Chichewa chake chothyokathyoka anandifotokozera kuti pamwamba pake anapakapo mankhwala opyapyala, osaoneka ndi maso, achibale ake a galasi. Ndikulipinda anandigwira mkono.

"Mama, osakwecha. Maji tu, madzi okha, pole pole. Ukakwecha, latha."

Milungu yotsatira ndinali munthu. Dzuwa linkalowa, mvula inkatsetsereka, usipa wanga unkauma woyera pomwe anzanga ankathamanga ndi malichero. Ndinkalikonda pepala limenelo, sindibisa.

Vuto linali pakamwa pa amuna anga. Munthu amene usipa amaudziwira m'mbale basi anasanduka mwini wake wa pepala. Mlendo akabwera, asanapatsidwe ndi mpando womwe, ankamutengera kumatandala kapu yamadzi ili m'manja. Ankathira, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, manja m'chiuno, ngati mankhwalawo anapaka ndi iwo. Anaonetsa akulu ampingo, anaonetsa aphunzitsi, anaonetsa mpaka wogulitsa makala. Zonse ankalengeza, kupatula chenjezo lija.

Kenako amalume awo anamwalira kumudzi, kumtunda, mvula ili pakati. Panafunika chofolera chisakasa cha anamfedwa, ndipo sipanafunike kufunsa kuti ali ndi pepala labwino ndani, poti dera lonse linali litaonerera kale. Za pamaliro sukana. Ukakaniza pepala lero, tsiku lako anthu adzakumbukira. Ndinalipinda ndekha mtima ukuwawa, n'kuwapempha amuna anga kawiri konse kuti akawauze amayi awo kuti asalitsuke. Anati ndimadandaula ndi zinthu zazing'ono.

Kumaliroko ndinagwira ntchito yanga ya mkamwana, kutunga madzi ndi kuphika, uku ndikuba maso kuyang'ana chisakasa. Pepala linagwira ntchito, palibe ananyowa. Titaika maliro ndinatsikira kunyanja msanga chifukwa ndinamva kuti asodzi apha usipa wambiri. Ndinagula ndi mpamba wanga wonse, osasiya kanthu, podalira kuti pepala lifika mawa lake.

Koma kwawo kwa amuna anga chinthu chobwereka pamaliro sichibwezedwa chosatsuka. Miphika, mbale, mabenchi, zonse zimayamba zaona madzi. Ndipo wotsogolera kutsukako anali apongozi anga, mayi amene mphika wawo umawala kunsi kuposa mkati mwa miphika ya anthu ena. Mlamu wanga wamkazi ndiye anadzandiuza momwe zinayendera. Pepala lija analiyala pamwala kumtsinje n'kuthirapo madzi, madzi n'kuthawa. Anathiranso, anathawanso. Apongozi anagwedeza mutu, nati chinthu chokana madzi chotere ndiye kuti chadzaza mafuta, ndipo n'zochititsa manyazi kuti mkamwana wawo amavundikira chakudya cha anthu ndi uve woterowo. Anaitanitsa sopo, mchenga ndi waya wokwechera mapoto. Amayi anayi anagwada pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kukwecha mbali zonse ziwiri, mpaka madzi anagonja n'kuyamba kunyowetsa pepala monga amanyowetsera chinthu chilichonse chaulemu. Akuti apongozi anaimba ndi nyimbo yomwe.

Linafika litapindidwa bwino, likununkhira sopo, lotuwa ngati galasi la minibasi yakale. Nditangolikhudza ndinadziwa. Ndinawafunsa amuna anga ngati anapereka uthenga wanga, iwo n'kundiyankha kuti mwana wamwamuna saphunzitsa mayi ake katsukidwe ka zinthu. Ndinapsa mtima kwambiri.

Ndinavundikirabe, nanga ndikanatani. Mvula inagwa masiku atatu. Madzi ankadikha pamwamba, n'kumadontha m'timabowo tomwe mchenga unasiya, ndipo dzuwa likati lisuzumire, silinkadutsa pa kutuwa kuja. Tsiku lachiwiri usipa unayamba kufewa. Lachitatu ntchentche zobiriwira zinafika ndi abale awo. Ndinayesa kuuwamba pamoto, koma nkhuni zinali zonyowa, ndipo usipa wowola suwambika. Bambo wina woweta nkhumba anabwera ndi wilibala n'kuutenga wonse, akuchita ngati akundithandiza. Ndinalira kuseri kwa bafa, osati misozi yamaliro ija yomwe timathandizana, koma yangayanga.

Amuna anga masiku amenewo anapeza zochita zambiri kutali ndi matandala. Kapu yawo ija inabwerera kukhitchini.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, apongozi anatulukira. Anakhala pamkeka, natambasula manja kuti ndione zala zawo zosupuka. Za usipa anali atamva, ndipo anapepesa, nati mvula ya chaka chino ndi yoipa kwa aliyense. M'maso mwawo munalibe chinyengo ngakhale pang'ono. Anali atayenda ulendo wonsewo kudzalandira kuthokoza kwawo, ndipo mwana wawo anali pampando pambali, akuyang'ana nkhuku.

"Mkamwana wane, pepala lako lija linali na mafuta chomene. Tinavutika nalo, koma tinaligonjetsa."

Ndinayang'ana amuna anga, kuti mwina tsopano atsegula pakamwa paja pomwe sipankatseka. Anakanda bondo. Mawu a Mtanzania anali pamilomo panga, koma mkamwana sauza apongozi ake kuti manja awo ndiwo awononga, makamaka manjawo ali ndi zilonda. Ndinagwada.

"Yewo chomene, amama. Mwagwira ntchito."

Anasangalala. Anandisisita paphewa, nandiuza kuti ndisataye mtima, geni imagwa n'kudzukanso. Atanyamuka, ndikuwaperekeza pamsewu, anaima n'kundilangiza motsitsa mawu, kuti mwana wawo asamve ndingachite manyazi.

"Ukagula linanso, uyambe wabwera nalo kwa ine. Ndilitsuke lisanakhudze chakudya."