Kuwawa Pang'ono Kapena Kwambiri

Amuna anga anasiya kudya mwezi wa Meyi. Sanalengeze ayi. Anangoyamba kutema kambamu kamodzi, kukasunsa, kukayang'anitsitsa, kenako n'kupempha madzi osamba m'manja. Pofika Ogasiti ndinali nditaboola ndi msomali mabowo atatu atsopano pa lamba wawo.

Matenda awo tinkawadziwa. Ku Mzuzu anatiuza mosapsatira kuti ndi khansa, inayambira kunsi kwa chikhodzodzo n'kukwera kumsana, ndipo anatibweza kunyumba ndi mapilisi. Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mayi, mankhwala okha sangathandize. Adye. Chilichonse chimene mtima wawo ungafune, adye." Kuyambira tsiku limenelo ndinalibenso ntchito ina m'mutu mwanga.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza ku Kande kudzaphunzitsa ndili mtsikana, ndipo ndinkati ndipirira kutenthaku zaka ziwiri basi, ndibwerere kwathu. Ndinakumana ndi kalipentala wina Mtonga amene ankakhoma mabenchi a m'tchalitchi atavala tayi, zaka ziwirizo n'kusanduka makumi atatu. Kondowole, nsima ya chinangwa ya kuno, ndinaphunzira kuphika apongozi akundiseka mpaka kugwira nthiti, koma ndinaphunzira. Choncho atandiuza kuti bambo adye, ndinkadziona ngati katswiri.

Ndinaphika kondowole ndi usipa wofutsa. Ndinawotcha nsomba ya batala. Ndinatendera chigwada, ndinapalasa phala la mpunga wa ku Limphasa n'kuthiramo mkaka, ndinapha tambala amene tinkasungira Khirisimasi. Alamu anabweretsa nkhungu, tizilombo touluka ta kunyanja, zimene bambo ankazikonda kuposa nyama. Zonsezo ankazithokoza bwinobwino, monga mkulu wa mpingo, n'kuzikankhira pambali.

"Zakoma, amayi, koma ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani, bambo? Mphepo?"

"M'kamwamu mulibe kukoma. Chilichonse chikungomveka ngati utuchi."

Ndikawafunsa ngati penapake pakupweteka, yankho linali limodzi, la Chitonga chawo: "Nde umampha," kutanthauza kuti ali bwino. Namwino ankamuyankha zomwezo. Abusa zomwezo. Ana akaimba foni kuchokera ku Lilongwe, ankakhala tsonga n'kuwauza kuti vuto ndi lilime lokha. Ine ndinakhulupirira, mwina chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Ndinati ngati vuto ndi lilime, ndithana nalo.

Koma ndinayamba kudana ndi mbale zanga zomwe. Ndinkazinyamula zolemera popita kuchipinda, n'kubwera nazo zolemera chimodzimodzi. Tsiku lina ndinaponya mbale ya phala pakhoma la khitchini, kenako ndinagwada n'kumakolopa ndikutukwana nkhuku zimene zinabwera kudzajompha. Ndinali ndi mantha. Munthu ankatha ndikumuona, ine ndili ndi chikombe m'manja.

Lesitilanti ina yatsopano inatsegulidwa mu Julayi, m'mbali mwa msewu wa tala, pakati pa Kande ndi Chintheche, m'nyumba imene kale inali golosale. Mwini wake anali mwana wa kuno amene anagwira ntchito zaka zambiri m'mahotela a kunja, n'kubwerako ndi mkazi wa ku Thailand. Mkaziyo anthu ankangomutcha Mchaina, ngakhale mwamunayo ankawakonza tsiku ndi tsiku. Pachigayo nkhani inali yomweyo: amathira shuga mu ndiwo, amadya papaya wosapsa, amaphikira nsomba udzu wonunkhira mandimu uja ife timathira mu tiyi. Ine sizinkandikhudza, kufikira mphunzitsi mnzanga wina atakadyako. Anafika kusukulu Lolemba akufotokoza ndi manja omwe.

"Chakudya chake chimadzutsa lilime. Ngakhale maliro akhoza kuyetsemula."

Onse anaseka, kenako anakumbukira kuti ndilipo, n'kungoti zii. Ine sindinakhumudwe. Ndinamufunsa kuti amatsegula nthawi yanji. Iye anandichenjeza chinthu chimodzi, kuti mayiyo akafunsa za tsabola ndikanene kuti pang'ono.

Bambo anakana. Anati munthu wokhala ndi nyumba yake sadyera pamsewu. Ndinayesa kunyengerera, zinakanika, ndiye ndinawalasa pamene ndinkadziwa kuti m'pofewa.

"Zaka makumi atatu muli nane, simunandidyetsepo mulesitilanti. Anzanga amuna awo amawatenga."

Loweruka m'mawa anapempha madzi ometera. Kuvala kokha kunawatengera ola lathunthu, ndipo anakana kuti ndiwathandize: shati yoyera, tayi, jekete, chipewa, nsapato zopolisha. Atonga ndi kutchena sangasiyane, ngakhale pa imfa pomwe. Khosi linkasambira mu kolala. Mu minibasi, tikagunda pa bampu, ankagwira mpando wakutsogolo mpaka zala kuyera, ine n'kumati ndi kufooka chabe.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Munali matebulo asanu ndi limodzi. Pa lina panali azungu awiri a kumalo ogona alendo a ku Kande, pa lina wapolisi ndi mkazi wake. Fungo lake linandisokoneza, ngati usipa wovumbwidwa ndi mvula wosakaniza ndi mandimu, koma malovu anadzadza m'kamwa. Bambo atakhala pansi anayendetsa chala kunsi kwa tebulo n'kupukusa mutu.

"Wakhoma uyu anathamanga," anatero. Ndinasangalala, chifukwa panali patapita nthawi asananyoze ntchito ya kalipentala mnzawo.

Mayi wa ku Thailand uja anabwera yekha. Mwamuna wake anali atapita ku Mzuzu kukagula gasi. Anali wamfupi, wamsinkhu wa mwana wathu woyamba. Anaphatikiza manja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, ndipo bambo, posafuna kuchepekedwa ulemu, anavula chipewa n'kuchita chimodzimodzi. Chichewa chake chinali cha mawu owerengeka, otola kwa makasitomala. Anatipatsa pepala la zithunzi, ine n'kuloza msuzi wa nsomba ndi mpunga, poganiza kuti zamadzimadzi sizivuta kumeza.

Analemba. Kenako anayang'ana bambo, anapendeketsa mutu, n'kufunsa mofatsa.

"Kuwawa?"

Bambo anadzutsa maso.

"Kuwawa pang'ono?" anatero mayiyo, akusonyeza ndi zala ziwiri. Kenako anatambasula manja. "Kuwawa kwambiri?"

Ine ndinadziwa kuti akunena tsabola. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma bambo anandipitirira. Iwo anaganiza kuti mlendoyu waona nkhope yawo n'kuwamvera chisoni.

"Kwambiri, ama," anatero. Kenako anabwereza m'Chitonga. "Ukongwa. Msana wonsewu, mpaka m'miyendo. Ndikakhala kuwawa, ndikagona kuwawa. Chiyambire Meyi sikunaleke."

Mayiyo anangomva mawu amodzi okha amene ankawadziwa. Anamwetulira, anakweza chala chachikulu, ananena m'Chingerezi kuti bambowa ndi olimba mtima, n'kulowa kukhitchini.

Ndinakhala pamenepo manja ali pa tebulo. Munthu ameneyu ndinkamusambitsa. Ndinkagona naye mphasa imodzi kunja kukatentha, ndinkadziwa fupa lililonse la msana umene ankaunenawo. Miyezi inayi ndinawafunsa m'mawa ndi madzulo, ndipo yankho anakalipereka kwa munthu amene anamuona kwa mphindi ziwiri. Ndinkayenera kuthamangira kukhitchini kukakonza za tsabolazo, koma sindinapite.

"Amafunsa za tsabola," ndinatero.

"Tsabola?"

"Ee. Ngati mukufuna wowawa pang'ono kapena kwambiri."

Anayang'ana chipewa chawo pamwendo, n'kuchitembenuza kawiri.

"Ndiye ndayankha molakwika."

"Mwayankha bwino," ndinatero. Kenako chakudya chinabwera.

Msuziwo unali wofiira, pamwamba pakuyandama kambuzi wosadula n'komwe, timitengo ta udzu uja ndi masamba a mandimu. Ndinalawa kaye ine. Ndinamva ngati ndameza khala la moto, makutu n'kuyamba kulira.

"Musadye, bambo. Ndikawauze asinthe."

Anakokera mbaleyo kwa iwo. Anatseka maso, anapemphera mwachidule, n'kunyamula supuni. Yoyamba inawatsokomoletsa mpaka azungu aja anacheuka. Ndinawapatsa madzi, anakana ndi dzanja. Anatunga yachiwiri. Thukuta linatuluka pamphumi, mphuno inayamba kuchucha, misozi n'kutsika. Anatunga yachitatu. Ine ndinkawerenga chamumtima, kuopa kuti ndikangosuntha asiya.

Poyamba misoziyo inali ya tsabola, monga imachitira kwa aliyense. Pa supuni yachisanu ndi chimodzi mapewa anayamba kugwedezeka. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi awo. Tsopano ankalira poyera, pamaso pa anthu, atavala tayi, uku akudya, ndipo palibe amene akanawanena chifukwa aliyense m'chipindamo ankapukuta mphuno. Wapolisi uja anaseka n'kunena kuti, "Akulu, mwaputa zolimba," bambo n'kuvomera ndi mutu.

Mayi uja atasuzumira anathamanga ndi kambale ka nkhaka zodula. Ankapepesa m'Chingerezi, m'chinenero chake, ndi m'Chichewa chomwe, "Pepani, pepani," uku akufuna kuchotsa mbale. Bambo anaigwira ndi manja awiri.

"Siyani, ama. Ndikuumva."

Anamwa masupuni khumi ndi limodzi, anadya kachidutswa ka nsomba ndi mpunga pang'ono. Kwa munthu wina zimenezo ndi zolawa chabe. Kwa ife chinali chakudya chachikulu kuposa china chilichonse chiyambire Meyi, koma ndinalephera kusangalala nacho. Mbale yanga sindinaikhudze.

Tinatuluka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kudikira minibasi. Ndinali nditadziuza kuti ndidikira tikafike kunyumba, koma mkwiyo sunalole.

"Ine ndine ndani kwa inu, bambo? Wophika? Ndakufunsani kangati? Mpaka mukauze mlendo amene sadziwa ngakhale dzina lanu?"

Anatsamira mtengo. Tsopano poti ndinali nditadziwa, ndinkaona zonse: mmene ankapondera, mmene ankagwirira mpweya asanasunthe mwendo, mmene nsagwada zinkalimbira. Zinali pamaso panga nthawi yonseyi.

"Mlendo uja ndamuuza, wamwetulira, wapita kukaphika," anatero. "Inu ndikanakuuzani, mukanasiyanso kudya. Tikanakhala awiri."

"Nanga utuchi uja?"

"Ululu ukakwera, chakudya sichilowa, amayi. Munthu sungatafune chinthu chikukuluma kumsana. Utuchi unali wosavuta kunena."

"Nanga lero chalowa bwanji?"

"Lero m'kamwa munawawa kuposa msana. Ndinauiwala pang'ono."

"Tikanapita kuchipatala, bambo."

"Kukatani? Ndi khansa. Anatiuza kale kuti sichira. Ndimati ndi mmene imakhalira, munthu umangopirira."

Ndinafuna kuwamenya ndi chikwama. Ndinafuna kuwakumbatira pamsewu pomwepo, anthu aone. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinapempha mpando kwa mayi wina wogulitsa nthochi, ndinawakhazika, ndipo minibasi itabwera ndinakangana ndi kondakitala mpaka anawapatsa malo akutsogolo.

Usiku umenewo sanadye. Lamlungu ndinasinja kambuzi n'kuthira mu phala, mu nsomba, ngakhale mu tiyi ndikanathira akanalola. Ananunkhiza n'kubweza. Ndinakhala pakhonde ndikulira ndi manja oyabwa tsabola, osatha ngakhale kupukuta m'maso.

Lolemba sindinapite kusukulu. Ndinawatengera kwa namwino uja. Atafunsa kuti ali bwanji, ndinaona milomo yawo ikukonzekera yankho lakale lija, ndiye ndinawadula.

"Akunama, anesi. Kukuwawa kwambiri. Chiyambire Meyi."

Namwino anatembenukira kwa bambo. Iwo anagwedeza mutu kuvomera. Namwinoyo anaika cholembera pa tebulo.

"Ada, bwanji simunanene? Khansa sitingaichize, koma ululu tili nawo mankhwala ake."

Anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulupo, ndipo tsiku lomwelo tinabwerako ndi botolo la mankhwala amadzi, omwa maola anayi alionse. Lachitatu m'mawa ndikusesa panja ndinamva akundiitana. Ndinataya tsache n'kuthamanga. Ndinawapeza atakhala pabedi, akuyang'ana kukhomo.

"Amayi, kodi m'nyumba muno simuphikidwa?"

Anadya tsiku limenelo, ndi lotsatira lake. Ankapempha okha, ankadandaula kuti mchere wachepa, tsiku lina mpaka anandilanda nthochi m'manja. Ndinkaphika katatu, kanayi, ndikuyang'ana botolo lija pawindo. Miyezi inayi yonse ija linali pa shelefu kuchipatala, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pakhomo pathu. Anadya bwino masabata atatu, ndipo sabata lachinayi tinawaika m'manda.