Timabokosi tinayi pa foni yanga

Mwana wanga wamkazi atapita kukaphunzira ku Morocco, ankanditumizira uthenga Lachisanu lililonse. Kenako panapita masabata atatu ali zii. Inali nyengo yoingitsa mbalame mumpunga. Ndinkakhala kumunda kwathu ku sikimu ya Likangala foni nditaimangirira pachitenje, n'kumangoimasula. Chaka chimenecho mbalame zinadya mpunga ine ndili pomwepo.

Lolemba lina m'mawa foni inalira. Nambala inali yachilendo, koma ya dziko lomwelo. Nditatsegula ndinapeza timabokosi tinayi topanda kanthu m'kati, popanda mawu ena alionse.

Ndinathamangira kwa amuna anga, omwe ankasoka ukonde pakhonde.

"Bambo, taonani izi. Mwana uja chamuchitikira china chake."

"Ndi netiweki imeneyo, mayi. Takhalani pansi."

Sindinakhale. Ndinaimba nambalayo, osalowa. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, timabokosi tili pompo. Maganizo anathamangira kuchipatala, kenako kupolisi, mpaka timabokosito ndinayamba kutiona ngati mabokosi a maliro.

Masana ndinakwera kabaza kupita kumsika, kwa bambo wina wokonza mafoni. Anayang'ana pang'ono n'kumwetulira.

"Foni yanu ili bwino, mayi. Kabokosi kalikonse ndi chilembo. Chilembo chikamachoka pa foni chimayenda ngati nambala, ndipo foni yolandira ndi imene imachijambula. Yanuyi nambala yalandira, koma maonekedwe a chilembocho sikuwadziwa, ndiye yangoikapo bokosi."

"Nanga zilembo zake n'zotani?"

Anatumiza uthengawo pa foni yake yatsopano. Panatuluka kozungulira ngati diso la nsomba, kenako chonga munthu wakweza manja, kenako timipira tiwiri tosanjikizana, pomaliza mizere iwiri yoimirira.

"Chiarabu?" ndinafunsa.

"Ayi. Ine ku madarasa ndinapitako, ichi si Chiarabu." Anafufuza pa intaneti kwa kanthawi, ine nditaimirira. "Akuti ndi zilembo za Aamazigh, anthu akalekale a kumeneko. Mawuwa akutanthauza moni."

"Moni basi?"

"Moni basi, mayi."

Mtima sunakhale pansi. Ndani angandipatse moni kuchokera kutali choncho osatchula za mwana wanga? Kwathu kuno wobwera ndi uthenga wa maliro amayambanso ndi moni. Ndinajambula zilembozo pa kakatoni ka sopo n'kubwerera nako kunyumba. Masiku atatu ndinkangolowa ndi kutuluka, chakudya osalowa. Amuna anga anasiya kundiletsa, nawonso anayamba kufunsa ngati foni ili ndi moto.

Lachinayi ndikutunga madzi pamjigo, nambala ija inaimba.

"Amayi, ndine."

Ndinasiya ndowa ikusefukira. Anafotokoza kuti foni yake inagwa n'kusweka, ndipo pa tchuthi anapita ndi mnzake wa m'kalasi kumudzi kwawo kumapiri, komwe netiweki imavuta. Mayi ake a mnzakeyo ataona chithunzi changa anapempha kuti andipatse moni m'chiyankhulo chawo. Uthenga wake wofotokoza zonsezi, womwe unayenera kutsatira, sunachoke.

"Iwe, masiku atatu sindinadye chifukwa cha moni?"

Anaseka, kenako ndinamva akufwenthera.

"Pepani amayi. Komanso pali nkhani ina. Mnzangayu ali ndi mchimwene wake."

Sanafunike kupitiriza. Ndinanyamula foni ili kukhutu mpaka kunyumba, n'kuwapatsa bambo ake kuti amve okha.

Chaka chotsatira anabwera naye mnyamatayo kuno, wamtali, waulemu, wodziwa kale kunena kuti "ndili bwino, kaya inu". Sabata yoyamba anadwala malungo, ndipo ndinamuphikira phala la mpunga mpaka anadzuka. Amuna anga anamutengera ku chilumba cha Chisi pa bwato, anabwerako akuseka onse awiri. Ine ndinali ndisanaseke, poti ndinkadziwa kuti mwana wanga akakhala kutali. Ukwati unakachitikira kwawo kumapiri kuja, ndipo sindinapiteko.